Sikuluwu yadyeka mutu pomanga zinthu pa njinga yamoto: muichotse bwanji?

Munthu akagula njinga yamoto muno mu Lilongwe sachedwa kufuna kuwonjezerapo kenakake. Wina akufuna chogwirira foni pa handulo, wina tchaja ya USB, wina magetsi a LED oti aziona maenje usiku popita ku Chinsapo kapena ku Area 36, wina kaliyala yolimba yonyamulira matumba. Anyamata a kabaza ambiri ndiye sakhutira popanda sipikala. Zonsezi zimafuna kuti mumasule masikuluwu amene anamangidwa ku fakitale, ndipo vuto limayambira pamenepo. Mwaika sikuludiraiva, mwapotokola, yaterereka. Mwabwereza ndi mphamvu, yatererekanso. Poyang'anitsitsa, pamene panali mtanda pasanduka kadzenje kosalala konyezimira.

Ikaterereka kamodzi, imani pomwepo. Nthawi iliyonse sikuludiraiva ikadumpha imapala chitsulo m'mbali mwa mtanda uja, ndipo mbali zimenezo ndi zomwe njira zonse zosavuta zimadalira. Ambiri amafika kwa makaniko atamaliza okha kudya mutu wonse, kenako n'kumadandaula kuti awadulira mtengo.

Chimene chimadya mutu

Njinga za ku Japan, za Honda, Suzuki ndi Yamaha, monga ma AG ndi ma DT amene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe akhala akuyendera kwa zaka zambiri, masikuluwu ake a sitala si a Phillips, mtundu wa sitala wamba uja, ayi. Ndi a mtundu wotchedwa JIS. Ndi maso amaoneka ofanana, koma mtanda wa JIS uli ndi makona owongoka mkati, pomwe nsonga ya sikuludiraiva ya Phillips ndi yosongoka ndipo m'makona mwake ndi mozungulira. Mukaika Phillips mu JIS, nsonga imagunda pansi mapiko ake asanagwire bwino m'mbali, ndiye mukangopotokola imakwera n'kutulukamo. Masikuluwu ambiri a JIS ali ndi kadontho kamodzi pamutu, pambali pa mtanda. Mukakaona kadonthoko, dziwani kuti sitala yanu ya masiku onse ikhoza kukugwiritsani fuwa la moto.

Sikuludiraiva yeniyeni ya JIS, monga za kampani ya ku Japan ya Vessel, siipezeka wamba m'mashopu. Koma pali njira: tengani Phillips yanu, palani nsonga yake ndi tupa pang'ono chabe, mwina theka la milimita, kuti isamagunde pansi. Mudzaona kuti ikukhala mozama ndipo yaleka kugwedera.

Njinga za ku China zimene zadzaza m'misewu yathu, ma Lifo, ma Kinglion ndi zinzake, zambiri injini yake inatengera Honda CG125. Vuto lake lalikulu ndi chitsulo cha masikuluwu, chimene nthawi zambiri chimakhala chofewa. Oipitsitsa ndi masikuluwu amene amabwera m'kapepala limodzi ndi chogwirira foni kapena magetsi a LED. Amenewo ine ndimati ndi otaya asanamangidwe n'komwe.

Palinso nkhani ya saizi. Sitala zili ndi manambala, ndipo zogwira ntchito kwambiri pa njinga ndi nambala 2 ndi nambala 3. Masikuluwu a M6 (a thunthu la mamilimita 6) a pa makava a injini ambiri amafuna nambala 3, koma anthu amalowetsamo nambala 2 poti ndi imene ili pafupi. Yolondola imakhala njii m'mutu mwa sikuluwu osasewera. Ma aleni kiyi nawonso amapusitsa: m'misika muli maseti a mainchesi osakanikirana ndi a mamilimita. Kiyi ya 3/16 ya inchi ndi mamilimita 4.76, ndipo imalowa bwinobwino m'bawuti ya mamilimita 5, koma mukakoka ndi mphamvu imazungulira n'kudya makona onse. Komanso fumbi lofiira la muno ndi matope a m'dzinja zimadzaza kadzenje ka aleni, kiyi n'kulowa theka lokha. Tokosanimo ndi singano kapena kawaya musanaike kiyi, kenako igogodeni pang'ono kuti ifike pansi.

Chomaliza ndi dzimbiri. Sikuluwu yachitsulo ikakhala nthawi yaitali m'aluminiyamu, madzi n'kumalowamo, kaya a mvula ya Novembala mpaka Epulo kapena a kotsukitsa magalimoto, zitsulo ziwirizi zimadyana. M'mazinga mumabadwa zinthu zoyera ngati ufa woyera, ndipo zimamata sikuluwu kuposa mmene inamangidwira.

Onani kaye chimene chawonongeka

Anthu amangoti "sikuluwu yakana", koma matenda ake alipo atatu. Mwina mutu wadyeka koma mazinga ali bwino. Mwina mutu uli bwino koma sikuluwu ikungozungulira osatuluka, kusonyeza kuti mazinga ndiwo atha. Mwinanso mutu wathyoka, thunthu latsalira mkati. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kubowola sikuluwu imene vuto lake ndi mazinga ndi kutaya nthawi chabe. Tiyambe ndi mutu wodyeka, poti ndi umene umavutitsa anthu ambiri.

Mtanda ukadalipo pang'ono

Tsukani mutuwo, thirani WD-40 kapena mafuta ena olowerera m'dzimbiri, ndipo apatseni nthawi. Mphindi 2 sizikwanira. Asiyeni mphindi 30, kapena usiku wonse ngati njinga siili pa ntchito. Amakaniko ena amathira buleki fuludi. Imathandizadi, koma imasenda penti, choncho musaiyandikize pa thanki kapena pa makava opentedwa.

Ikani sikuludiraiva yolondola m'mutu, muigogode kumbuyo ndi hamala kangapo. Kugogodaku kumachita zinthu ziwiri: kumakhazika nsonga mozama m'chitsulo chofewa chija, komanso kumaswa dzimbiri la m'mazinga. Ngati chigwiriro ndi chapulasitiki wamba chikhoza kusweka, ndiye gwiritsani ntchito yomwe chitsulo chake chimadutsa mpaka kumbuyo.

Pomasula, mphamvu yambiri ipite pokanikiza, yochepa popotokola. Tsamirani ndi thupi lonse, njinga itaima pa sitandi yapakati kapena mnzanu ataigwira. Njira yabwino ndi yakuti inu muzikanikiza ndi chikhatho pomwe sipanala kapena vaisi giripi (pulayazi yodzitsekera) yogwira thunthu la sikuludiraiva ndiyo ikutembenuza. Yambani ndi kuyesa kuimanga pang'ono kwambiri musanamasule. Mbali za mtanda zomangira nthawi zambiri zimakhala zisanadyeke, ndipo sikuluwu ikangosuntha ngakhale pang'ono, dzimbiri laduka.

Kuti nsonga isaterereke, pakanipo girayindingi pesiti, ija amakaniko amapalira mavavu. Timiyala take timaluma mbali zonse ziwiri. Ikasowa, Vim wonyowetsedwa pang'ono amathandizako. Za kuika labala pakati pa sikuludiraiva ndi sikuluwu zimatchuka kwambiri pa YouTube, koma kunena zoona zimagwira pa tisikuluwu ta pulasitiki tomwe sitinamangidwe kwambiri. Pa sikuluwu ya injini imene yagwira dzimbiri, labala amangong'ambika.

Chida chimene aliyense wokonda kudzikonzera njinga ayenera kukhala nacho ndi impakiti diraiva ya pamanja, yomenya ndi hamala. Mukaimenya imakanikiza ndi kutembenuza nthawi imodzi, ndiye nsonga ilibe mpata wokwera. Funsani m'mashopu a hadiweya ndi a masipeya mu Old Town, cha ku Malangalanga. Musanamenye, ipanikizeni pa thabwa muone kumene ikutembenukira, chifukwa imagwira mbali zonse ziwiri ndipo ambiri amanga sikuluwu akuganiza kuti akumasula. Pa makava a injini ndi pa felemu menyani molimba mtima. Pa kabureta, pa maswitchi a pa handulo ndi pa kathanki ka buleki fuludi, chitsulo chake ndi chopyapyala ndipo chimang'aluka; pamenepo gogodani mofatsa dzanja lina litachirikiza kunsi.

Kutentha kumathandizanso. Aluminiyamu akatenthedwa amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho dzenje limakula kuposa sikuluwu. Ngati sikuluwu ili pa injini, yendetsani njinga mpaka itenthe, muyese ikadali yotentha. Kwina thirani madzi owira pozungulira. Mabawuti ena anapakidwa guluu wa mazinga ku fakitale. Guluu wa Loctite wabuluu amamasuka ndi zida za pamanja, koma wofiira amafuna kutentha kwa madigiri a Celsius pafupifupi 250. Kugunditsa sodaling'i ayoni pamutu pa kasikuluwu kakang'ono kwa mphindi zingapo kumafewetsa guluu popanda kuwotcha zoyandikana nazo. Moto wa lawi pafupi ndi thanki, kabureta kapena paipi ya petulo, ayi ndithu.

Mtanda ukatheratu

Apa lekani kulimbana ndi pakati, gwirani kunja. Ngati mutu ndi wotukuka ndipo pali malo, vaisi giripi yomangidwa mothina kwambiri imamaliza nkhani. Pulayazi wamba sathandiza, amangosalaza mutu. Mutu ukakhala wozungulira moti mano akuterereka, palani mbali ziwiri zoyang'anana ndi tupa kuti pakhale pafulati pogwira.

Njira ina ndi kudula mzere pamutu ndi hakiso kuti mugwiritse ntchito sikuludiraiva ya fulati. Mzere wa lezala limodzi umakhala wopyapyala; mangani malezala awiri pamodzi kuti mulowe fulati yaikulu. Dulani mpaka theka la mutu basi, mukapitirira mutu umagawika pakati. Matani tepi pozungulira kuti musakande penti. Impakiti diraiva ija yokhala ndi biti ya fulati imagwira bwino kwambiri pa mzere wotere.

Pamene hakiso singafike, tengani panchi kapena tchizulo chaching'ono chakuthwa. Khomani kadzenje m'mphepete mwa mutu, kenako pendeketsani chidacho n'kumagogoda kuti mutu uzitembenukira komasulira. Imaoneka njira yachikale, koma amakaniko achikulire amachotsa nayo masikuluwu amene achinyamata awalephera ndi zida zodula.

Bawuti ya aleni imene makona ake atha ili ndi mankhwala akeake. Pezani biti ya Torx, ija ya nyenyezi ya nsonga 6, yokulirapo pang'ono kuposa dzenje, muikhomeremo ndi hamala mpaka ilume. Pa dzenje la mamilimita 4 yesani T25 kapena T27, pa la mamilimita 5 yesani T30, ikagwedera pitani pa T40. Tembenuzani pang'onopang'ono, osati mwa dzidzidzi.

Kubowola

Anthu amaopa dirilo, koma mwa njira zonse zowononga sikuluwu, kubowola mutu wokha ndi imene ndimaidalira. Chimene chimalimbitsa sikuluwu ndi mutu umene ukukoka thunthu. Mutu ukachoka, kukokako kwatha, ndipo thunthu lotsala nthawi zambiri limatuluka ndi pulayazi, nthawi zina ndi zala zomwe, pokhapokha ngati dzimbiri lalimata.

Kadzenje kodyeka kaja kakupatsani kale pakati, ndiye biti siisochera. Sankhani biti yofanana ndi thunthu la sikuluwu: mamilimita 6 pa M6, 5 pa M5, 4 pa M4. Bowolani pa liwiro lotsika, mukukanikiza, mukudonthezera oyilo. Liwiro lalikulu limawotcha biti n'kuibunthitsa. Mukafika pamene mutu wakumana ndi thunthu, mutu umadumpha n'kukakamira pa biti ngati mphete. Imani pomwepo. Chotsani kava kapena chinthu chimene chinamangidwacho, ndipo mupeza kathunthu kotulukira kunja koti mugwire ndi vaisi giripi. Thiraninso mafuta musanakatembenuze.

Tisikuluwu tiwiri ta pa chivundikiro cha kathanki ka buleki fuludi ndi todziwika pa kudyeka, ndipo njira imeneyi ndiyo yake. Ingopukutani tizitsulo tonse musanatsegule chivundikiro, kuti tisagwere m'fuludi.

Mukapeza mabiti obowola chobwerera, otembenukira kumanzere, gulani. Dirilo imayenda pa rivesi, ndipo nthawi zambiri biti ikaluma sikuluwu imangotuluka yokha musanamalize n'kubowola komwe.

Tsono pali ma ekisitilakita, aja amawatcha Easy Out, timisomali tosongoka ta mazinga obwerera. Pa paketi amaoneka ngati ndiwo yankho, ndipo pa bawuti yaikulu imene yangothyoka popanda dzimbiri amagwiradi ntchito. Pa M5 ndi M6 zogwira dzimbiri ndi oopsa. Chitsulo chake ndi cholimba kwambiri koma chosachedwa kuthyoka, komanso polowa amafufumitsa thunthu la sikuluwu n'kuliwonjezera kukakamira. Akathyokera mkati, biti wamba siingawabowole, ndipo vuto laling'ono lija lasanduka la kumashini. Ngati mwaumirira kuyesa, tembenuzani ndi dzanja, ndipo mukamva kuti akupotoka sikuluwu isanasunthe, lekani.

Thunthu lathyokera mkati

Likathyoka molingana ndi chitsulo kapena kutulukira pang'ono, pitani nayo njinga kwa owotcherera. Ku Biwi ndi ku Mchesi alipo ambiri amene ntchitoyi amaidziwa. Amaika washala pamwamba pa thunthu n'kuwotcherera, kenako nati pamwamba pa washala. Kutentha kwake kumaswa dzimbiri, nati imapereka pogwira sipanala, ndipo chitsulo chowotchereracho sichimata pa aluminiyamu, choncho dzenje silowonongeka. Isiyeni izizire kaye musanatembenuze, ndipo muziyendetsa uku ndi uku pang'onopang'ono.

Musanalole kuti ayatse mashini, chotsani waya wa negetivi pa batire, ndipo zulani mapulagi a CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi ya injini) ndi regyuleta. Auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, ethi imeneyo muigwiritse pafupi ndi pamene mukuwotchererapo," chifukwa magetsi akadutsa m'mabering'i kapena m'mawaya a njinga amawononga. Ngati ndi pafupi ndi thanki, ichotseni kaye n'kuiika kutali. Pulasitiki ndi mpando ziphimbeni ndi nsanza yonyowa. Wowotcherera amene akunena kuti zonsezi n'zotayitsa nthawi, mudutseni mupite kwa wina.

Ikungozungulira osatuluka

Apa mazinga ndiwo atha. Lowetsani fulati yopyapyala kunsi kwa mutu, muzitukula kwinaku mukumasula, kuti mazinga otsala agwire. Pa makava a pulasitiki a m'mbali, nthawi zambiri chimene chikuzungulira ndi kanati ka kumbuyo kapena kachitsulo kachikasu kolowetsedwa m'pulasitiki. Pisani dzanja kumbuyo mukagwire ndi pulayazi. Osapitiriza kuzunguliza ndi dirilo, kachitsuloko kamatentha n'kusungunula pulasitiki.

Ikatuluka, funso ndi lakuti mumanga chiyani m'dzenje lopanda mazinga. Yezani kuya kwake ndi kawaya. Kawirikawiri pansi pamakhala mazinga abwino amene sikuluwu yakale siinkafika, ndipo bawuti yotalikirapo mamilimita angapo imagwira. Isatalike mpaka kugunda pansi, imang'alula kesi ya injini. Ngati dzenje ndi lodutsa, monga pa kaliyala ndi pa madigadi, ikani bawuti yaitali ndi nati yokhala ndi nayiloni mkati kumbuyo kwake. Pa injini njira yabwino ndi Helicoil, kasipuling'i kamene kamabwezeretsa saizi yakale. Njira ina ndi kukulitsa: kuchoka pa M6 kupita pa M8 mumabowola ndi biti ya mamilimita 6.8 n'kudula mazinga atsopano ndi tapu, koma pokhapokha ngati pozungulira dzenje pali chitsulo chokwanira. Zokulunga ulusi, tepi ya mapaipi kapena kawaya pa bawuti zingakufikitseni kunyumba ngati ndi pa kava ya pulasitiki. Pa mabuleki, pa handulo ndi popondera, musayerekeze.

Mawu amodzi pa magalasi, poti zogwirira foni zambiri zimamangidwa pa tsinde la galasi. Pa njinga zambiri za Yamaha, galasi la kumanja lili ndi mazinga obwerera: limamasuka potembenuzira kumene ena onse amamangira. Ambiri adya mazinga a pamenepa poganiza kuti ndi dzimbiri. Likakana, yesani mbali inayo musanawonjezere mphamvu.

Pomanganso

Sikuluwu imene yavuta kamodzi isabwererenso pa njinga, ngakhale ikuoneka ngati ingagwire. Tengani yakaleyo popita kushopu kuti mufananitse utali ndi mazinga, ndipo m'malo mwa ya sitala gulani bawuti ya aleni kapena ya mutu wa sipanala yolembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwa chitsulo chake. Pakani girisi pang'ono m'mazinga ngati ikulowa m'aluminiyamu. Pamalo ogwedezeka kwambiri monga pa kaliyala ndi pa magetsi a LED, dontho la Loctite wabuluu pa mazinga ouma ndi labwino kuposa kumanga mopyola muyezo. Girisi ndi Loctite siziyendera limodzi, sankhani chimodzi. Loctite asakhudze pulasitiki, amaing'alula.

Bawuti iliyonse iyambe ndi zala, izungulire katatu kapena kanayi musanaike chida. Ikalimba kuyambira pachiyambi ndiye kuti yalowa mokhota, bwezani. Izi zimachitika kwambiri pomanga kirashi ba ndi kaliyala, chifukwa mabowo ake salunjika bwino ndi a pa felemu. Lowetsani mabawuti onse momasuka kaye, chinthucho chikhazikike, kenako muzimanga mosinthanasinthana. Kumanga imodzi mpaka kumapeto n'kumakakamiza zinazo ndi kumene kumadya mazinga a felemu.

M6 imafuna mphamvu yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira, pafupifupi 10 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), ndipo M5 theka lake. Popanda toki renchi, sipanala yoyeza mphamvuyi, gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake, osati kumapeto, ndipo osawonjezera paipi. Ngati munamasula kalampu ya buleki ya kutsogolo pa handulo kuti mulowetse chogwirira foni, onani ngati palembedwa UP: mbali imeneyo iyang'ane kumwamba, ndipo bawuti yapamwamba ndiyo imayamba kumangidwa. Mukatero tembenuzani handulo mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto, muone kuti waya wa tchaja sakukokeka ndipo buleki ndi thirotolo zikubwerera zokha. Pakapita masiku angapo mukuyenda m'misewu ya fumbi ya ku Mtandire kapena ku Kauma, dutsaninso ndi sipanala pa mabawuti onse atsopanowo, makamaka a kaliyala.